Kusosa kwa ku Leeds

Zomba, mwezi wa Ogasiti

Mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kupatula bondo la bambo ako lomwe limawavutabe m'mawa. Chimanga tinamaliza kutonola, tathira mankhwala, matumba tawasanja m'chipinda chako chija. Mphepo ya Ogasiti yayamba kuulutsa fumbi ndipo anthu ayamba kusosa. Dzulo ndinaona aneba athu akutsitsa udzu wakale padenga la khitchini yawo, mtima wanga n'kuthamangira kwa iwe. Kuno ngakhale mwana amadziwa kuti nyumba amafolera dzuwa likuswa mtengo, osati mitambo itadetsa kale kuphiri. Kwanuko mwezi uno dzuwa limalowa mochedwa, ana ali pa holide, munthu n'kumaona ngati zikhala choncho mpaka kalekale.

Ndasankha kulemba chifukwa pafoni sitimvana. Ana amalanda foni, netiweki imadukaduka, iwenso umangoti "eya amayi, eya amayi" maso ali pa poto. Mlongo wako ajambula mapepalawa n'kukutumizira pa WhatsApp. Uwerenge utakhala pansi.

Miyezi ija ndinakhala kwanu wakhanda atabadwa, kuchokera Okutobala mpaka Malichi, ndinaona zambiri zomwe sindinanene. Paja amati mlendo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa, koma ine kalumo kanga ndinabwerera nako m'chikwama poopa kuoneka ngati ndabwera kudzalamulira pakhomo pa apongozi. Nyengo ija mumaitcha autumn inandipusitsa. Ndinafika masamba akufiira, kukongola kwake ngati chitenje chatsopano. Kenako Lamulungu lomaliza la Okutobala munabweza wotchi ndi ola limodzi, ndipo pofika Disembala 4 koloko masana kunkakhala kutada bii, ana akuchokera kusukulu magalimoto atayatsa magetsi. Ndinazindikira kuti kumeneko chinthu chimene sunachite kukuwala sudzachichitanso mpaka Malichi. Thupi limangofuna bulangete.

Ndiyambe ndi dilowa ija ya kukhitchini, yapansi pa masipuni. Tsiku lina ndikufuna chotsegulira chitini ndinapezamo makalata 14 osatsegula, ena a maenvelopu akhaki aja a boma. Sindinawerenge za eni, ndinangowabwezeramo. Koma patapita sabata ziwiri ndinakumva ukulira kubafa madzi uli utatsegula kuti ndisamve. Amuna ako ndiwo anandifotokozera mawa lake: munaphonya mwezi umodzi wa msonkho wa kukhonsolo, kalata yokukumbutsani inakupatsani masiku 7, ndipo masikuwo anatha kalata ili m'dilowa, mpaka anakuuzani kuti mulipire ya chaka chonse kamodzi. Ndalama ya mwezi umodziwo munali nayo. Chinakugwetsani ndi mantha otsegula envelopu. Khalidwe limeneli ndikulidziwa chifukwa unalitengera kwa ine. Ndili mphunzitsi, kalata yochokera ku ofesi ndinkaiika m'Baibulo masiku atatu ngati kuti mawu ake asintha.

Ndiye mwezi uno usanathe, sankha Loweruka limodzi lomwe suli pa shifiti. Khuthula dilowayo pathebulo, amuna ako ali pomwepo, mutsegule kalata iliyonse. Tsiku lililonse lomwe lalembedwamo mulikopere pa kalendala ya pepala, ya pakhoma pafupi ndi firiji. Za m'foni sindizikhulupirira, foni yako imalira kambirimbiri patsiku ndipo unasiya kale kuimvera. Mayi wina wa kutchalitchi kwanu anandiuza kuti msonkho wa kukhonsolowo, umene anthu ambiri amalipira miyezi 10 kuchokera Epulo mpaka Januwale, ukhoza kupempha kuti auphwanye miyezi 12. Ngati Disembala ndi Januwale amakupanikizani, funsani zimenezo.

Pa kalendalapo tsiku loyamba kulizunguliza ndi cholembera chofiira ndi 31 Okutobala. Mdzukulu wanga wamkulu akulowa Year 6, kalasi yomaliza ya pulayimale, mu Seputembala, ndipo 31 Okutobalayo ndi tsiku lomaliza lomulembetsera malo ku sekondale. Kwanuko sasankha ana ndi mayeso a Sitandade 8 ngati kuno, kholo ndi limene limalemba masukulu amene likufuna, yankho n'kubwera kumayambiriro kwa Malichi. Ukachedwa, anzako amayamba apatsidwa, iwe n'kutola zotsala, mwina sukulu ya mabasi awiri. Masukuluwo amatsegula zitseko madzulo ena mu Seputembala ndi Okutobala kuti makolo akaone. Pitani naye mwanayo, ndipo musalembe sukulu imodzi yokha chifukwa choti ana a anzanu ali kumeneko.

Za m'nyumba ndinene mwachidule. Yatsani boila tsiku limodzi mu Seputembala, kusanazizire, mumve ngati zitsulo zotenthetsa zija zikufunda m'zipinda zonse. Chaka chija inafa mu Disembala, tinagona atatu pabedi limodzi titavala majuzi, wokonza n'kumati ali ndi mzere wa anthu. Landilodi ali ndi udindo woyezetsa gasi chaka chilichonse ndi kukupatsani pepala lake, muone ngati lanu silinathe. Ndipo sunthani wadilopu ya kuchipinda kwa ana muyang'ane kuseri. Ndinaonako chuku chakuda, chonga cha mtedza wokolola usanaume, ndinapukuta kawiri koma chinabwereranso. Chimabwera chifukwa choyanika zovala m'nyumba mawindo ali otseka. Usachitenge ngati litsiro wamba. Mu 2020 mwana wa zaka ziwiri anamwalira ku Rochdale chifukwa cha chuku cha m'nyumba yalendi. Jambulani, muwalembere eni nyumba, musamangowauza pakamwa. Majekete ndi nsapato za ana muwayeze tsopano, ana amakula m'chilimwe ngati chimanga cha kudimba.

Ku ntchito sindingakuphunzitse unamwino. Ndingokukumbutsa kuti anzako amene ali ndi ana amalembetsa masiku a tchuthi cha kumapeto kwa Okutobala ndi cha Khirisimasi pakali pano, iwe umadikira mpaka kalendala ya mashifiti itatuluka, kenako n'kumapempha anthu kusinthana. Uonenso chaka chimene uyenera kukonzanso kalembera wako wa unamwino, paja zimachitika zaka zitatu zilizonse, pamodzi ndi masiku othera mapasipoti a nonse, chifukwa pasipoti situluka tsiku limodzi. Ndipo timapiritsi tija ta vitamini D tomwe umauza odwala ako kuti azimwa dzuwa likachepa, iwe ndi khungu lakoli uzimwanso. Ndinaona botolo lake lili losatsegula.

Tsopano nkhani imene yandilembetsa kalatayi, ya ndalama. Seputembala amakukoka mbali ziwiri. Kwanuko mayunifomu, nsapato, ndi bilu ya gasi imene imayamba kukwera. Kuno sukulu nazonso zimatsegulira mwezi womwewo, feteleza akufunika mvula ya Novembala isanagwe, ndipo aliyense amene ali ndi nambala yako amakumbukira kuti uli ndi mapaundi. Ndinakuona ndi maso anga ukufika kuchokera ku naiti, usanavule n'komwe nsapato, ukutumiza ndalama pa Mukuru kwa msuweni wako amene anati njinga yamoto yaonongeka. Sabata yomweyo unagula zakudya pa kirediti kadi. Khadi limenelo, mwana wanga, ndi katapila wovala tayi.

Ine ndemwe ndili ndi mlandu pankhaniyi, ndipo sindinakuuzepo. Mu Seputembala 2023 unanditumizira ndalama ya feteleza nthawi yabwino. Sindinagule. Malume ako anabwera ndi nkhani ya bizinesi ya nyemba, akuti abweza pakatha milungu itatu, ine n'kuwapatsa theka. Theka linalo ndinalisunga ndikudikira kuti abweze ndikagule zonse pamodzi. Mu Novembala kwacha inagwetsedwa ndi 44 peresenti. Ndinapita kusitolo ndi ndalama yomweyo n'kubwerera ndi matumba osakwanira ngakhale munda wa kuseri. Ndinakuimbira n'kunena kuti mitengo yakwera, zomwe zinali zoona, koma za malume akozo ndinabisa. Iwe unatumizanso ina, ndipo ndikudziwa tsopano kuti inachokera m'mashifiti owonjezera a Disembala, ana akugona osakuona. Zimenezi zandidya m'mimba nthawi yonseyi.

Tsono ine ndi bambo ako takambirana, ndipo tagwirizana chonchi. Mukhale pansi ndi amuna ako, mulembe papepala limodzi ndalama imene mungathe kutumiza kuno ndi imene mungathe kutumiza kwawo ku Mzimba, mutachotsa kale lendi, msonkho, gasi, chakudya ndi kangachepe kosunga. Mbali zonse ziwiri zioneke papepala lomwelo, pasakhale wotumiza mobisa, chifukwa ndinamva momwe munkanong'onezana usiku uja. Yathuyo ikhale nambala imodzi, tsiku limodzi pamwezi, kwa munthu mmodzi, ineyo. Ikachepa, ichepe, tidzaidziwa n'kuikonzekera. Ya feteleza utumize kamodzi kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo tsiku lomwe yafika ndikagula, lisiti ndikujambulira. Wina aliyense akakuimbira, kaya ndi msuweni, kaya malume, kaya wa kumpingo, uziti "lankhulani ndi amayi." Ine ndili pafupi, ndimadziwa amene njinga yake yaonongekadi ndi amene waiona pa Facebook kuti wagula galimoto. Adzandida, koma nkhalamba kudedwa ndi abale si zachilendo. Maliro ndi matenda aakulu ndi nkhani ina, pa zimenezo ndidzakuimbira ndekha.

Chipereganyu chanu chija cha anamwino achiMalawi ndi chabwino, musachisiye. Koma pempha kuti ulendo wako wolandira uzikhala Ogasiti kapena Seputembala, pamene mabala ako ali, osati Disembala pamene ndalama imathera m'mphatso. Amuna ako anandionetsanso kuti mitengo ya gasi ndi magetsi imasintha pa 1 Okutobala, ndipo iwo amawerenga mita tsiku lomaliza la Seputembala n'kutumiza manambala kuti asakulipiritseni mongoyerekeza. Uwakumbutse, chaka chino ali ndi zambiri m'mutu.

Za ulendo wa Khirisimasi, ndamva kuti mwayamba kuyang'ana matikiti a anthu asanu. Mtima wanga ukufuna kwambiri, bambo ako mpaka anapenta kale khonde. Koma ngati matikitiwo ndi a ngongole, musabwere chaka chino. Disembala kuno ndi matope, udzudzu ndi ntchito ya kumunda, sitingakhale nanu pansi bwinobwino. Bwerani Ogasiti wa chaka chamawa ana ali pa holide yaitali, nkhokwe ili yodzaza, tidzapite nawo kuphiri akaone madzi a Mulunguzi ndi kudya mabulosi.

Ndakusungira ufa woyera, nyemba ndi mfutso wa nkhwani, ndikudikira munthu wodalirika wopita kumeneko. Loweruka limene usankhelo undiimbire pa vidiyo dilowa ili pathebulo. Sindilankhula kanthu, ndizingosenda mtedza wanga uku iwe ukung'amba maenvelopu. Upereke moni kwa apongozi anga, ndipo adzukulu anga uwauze kuti galu wawo uja waswa ana anayi.

Ndine,
Amayi ako