Kwa mwana wanga ku California, za batire ya Ford yako ija

Mwana wanga,

Kuno tonse tili bwino, amayi ako akupereka moni kwa iwe, mpongozi wathu ndi adzukulu. Zithunzi za galimoto wagula ija zafika pa WhatsApp, ndipo ndakhala ndikuzikuza ndi zala usiku wonse. Ford ya 1932 yopanda denga, injini ya V8 ili poyera! Chaka chimenecho ndi chomwe Henry Ford anatulutsa V8 yoti munthu wamba n'kuikwanitsa, ndipo anyamata a komwe uliko ankaivula zitsulo zolemera n'kukapikisana liwiro pa nyanja zouma ngati El Mirage. Ine amene ndinakalambira pa sipanala sindingakuletse kukonda hot rod, galimoto yakale yosinthidwa motere kuti izithamanga kwambiri. Mtima wanga unadumpha nditaiona.

Koma chithunzi cha m'buti chandisowetsa mtendere. Batire anaisamutsira kumbuyo, yangomangidwa ndi kalamba, ndipo waya wofiira wonenepa uja ukudutsa pabowo la chitsulo popanda mphira. Fyuzi sindinaione. Kumbukira kuti pa Ford ya 1932 thanki ya petulo imakhala kumbuyo komweko.

Waya umenewo umakhala ndi magetsi nthawi zonse, ngakhale makiyi ali m'thumba mwako. Galimoto ikamagwedezeka, m'mphepete mwa bowo mumadya chikopa cha waya pang'onopang'ono. Tsiku limene mkuwa udzakhudze chitsulo, batire idzakhuthula ma amp mazanamazana nthawi imodzi, waya udzafiira ngati chitsulo cha kwa wosula, ndipo chilichonse chili pafupi chidzagwira moto. Ika fyuzi yaikulu pafupi penipeni ndi batire, mphira pabowo lililonse, ndi switchi yodulira magetsi onse. Ngakhale a NHRA, amene amayendetsa mipikisano ya liwiro kumeneko, amafuna switchi yotere pa galimoto yomwe batire yake yasamutsidwa.

Chipsera chili pansi pa khutu langa, chomwe unkakonda kuchigwira uli wamng'ono, sindinakuuzepo bwinobwino nkhani yake. Ndili wophunzira pa galaja ina ku Limbe, batire inagona pa tchaja usiku wonse m'kachipinda kotseka. M'mawa ndinachotsa chopanira ndisanazimitse tchajayo. Kunangothetheka kamoto kakang'ono, kenako phuu! Chivundikiro chinasweka, asidi anandimwazikira m'khosi, malaya n'kusanduka sefa. Mnzanga anandikokera pa mpopi n'kundithira madzi kwa nthawi yaitali. Maso anga anapulumuka mwa chisomo cha Mulungu.

Chinaphulika tsikulo ndi mpweya wa hydrogen umene batire ya asidi imatulutsa ikamatchajidwa. Suoneka, sununkha, ndipo ukangofika magawo 4 pa 100 a mpweya wa m'chipinda, ukhoza kuyaka. Buti yotseka ndi kachipinda kofanana ndi kaja. Batire ikhale m'bokosi lake, yomangidwa ndi mabawuti, ndi kapaipi kotulutsira mpweya panja. Yezanso alternator, makina otchaja batire m'galimoto, injini ikulira: iziwerenga pafupifupi 14 volts. Ikamafika pa 15 kapena kupitirira, ikuwiritsa batire.

Palinso china. Ford zakale zinali za 6 volts, ndipo waya wa pozitivi ndi umene unkamangidwa ku chasisi, mpaka pomwe kampaniyo inasintha mu 1956. Galimoto yako yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, aliyense n'kulumikiza zake. Peza katswiri wa zamagetsi a galimoto aone waya uliwonse, ndipo wokutidwa ndi nsalu yakale uchoke. Ukamagwira wekha, vula mphete ndi wotchi, ndipo yamba kumasula waya wopita ku chasisi; pomanga ukhale womalizira. Anzako akakuuza za batire ya lithium chifukwa n'njopepuka, usathamangire. Imafuna tchaja yakeyake, ndipo ikayamba kutentha m'kati, moto wake umavuta kuzimitsa.

Chimene chandipangitsa kulemba kalata m'malo moimba foni ndi ichi. Unandiuza kuti chipinda cha ana chili pamwamba pa galaja. Shoti ya waya sidikira kuti mwini wake adzuke. Mpaka zonsezi zitakonzedwa, uzimasula batire madzulo aliwonse, usaisiye pa tchaja mukugona, ndipo adzukulu anga asakweremo. Gula chozimitsira moto cha ufa, chimodzi pafupi ndi mpando wako, china pakhomo la galaja, ndipo mpongozi wanga adziwe kuchigwiritsa ntchito.

Ukaika fyuzi ndi bokosi, unditumizire chithunzi cha m'buti, chapafupi, kuti ndione mabawuti. Undijambulirenso kulira kwa injiniyo, ndikufuna ndiimve.

Ndine bambo ako.