Kwa makasitomala athu onse: za woyimba watsopano mu bandi yathu

Amayi ndi abambo, ankhoswe, makomiti a maukwati, eni malo achisangalalo ndi nonse amene mwakhala mukutipatsa ntchito muno mu Zomba,

Ndimati nkhani imeneyi ndisalembe chifukwa za m'nyumba sizikambidwa pamsewu, koma sabata ino yokha foni yanga yalira mpaka ndatopa nayo, ena akufunsa ngati bandi yatha, ena akufuna dipoziti yawo, mayi wina mpaka anandiimitsa mkati mwa msika waukulu uja ndili ndi jumbo ya tomato m'manja n'kundifunsa anthu akumva kuti "kodi achimwene n'zoona mwamuthamangitsa mnyamata uja?" Ndiye ndaona kuti bola mumve kuchokera kwa ine mwini wake.

Woyimba wathu wamkulu, amene mwamuzolowera kwa zaka 9, wasiya. Sitinamuthamangitse ndipo sitinayambane. Wapita ku Lilongwe komwe gulu lina lamulonjeza malipiro amene ine pano sindingawakwanitse ngakhale nditagulitsa minibasi yonyamulira zida ija.

Zikundiwawa kuti ndifike pofotokozera anthu za m'thumba mwanga, koma poti ena akunena kuti ndine woumira ndimamudyera masuku pamutu, mveni. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, tisanapume n'komwe mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti. Ntchito yathuyi palibe chida ngakhale chimodzi chopangidwa kuno. Mawaya a gitala, zikopa za ma dramu, ma kebulo, ma sipika, mikisa, zonse zimachokera kunja, ku Joni kapena ku Dar es Salaam, ndipo anthu amene amatigulitsa zinthuzi atitola kwenikweni. Lero akuuza mtengo pa foni, mawa ukwera basi kupita ku Limbe ndalama zili m'thumba, ukafika akuti "bwana dola yakwera usiku" ndipo mtengo wasintha, ubwerere chimanjamanja kapena uwonjezere. Chaka chatha ndinagula ampu kwa wogulitsa wina amene anandilumbirira kuti ndi ya orijino, inangotha miyezi iwiri n'kupsa pa ukwati ku Thondwe mkwati ndi mkwatibwi akungolowa kumene mu holo, utsi tolotolo kuseri kwa ma sipika, ndipo nditabwerera nayo munthu uja anandiuza kuti vuto ndi jenereta yanga, ndalama sabweza. Ndinakongola kuti ndigule ina. Ngongole imeneyo mpaka lero ikundidya.

Nanga mafuta? Nthawi imene mafuta anasowa ija inuyo munkangoona bandi yafika pa nthawi yake, koma simunkadziwa kuti ine ndagona mu minibasi pa mzere usiku wonse, ndipo akatha ndisanafike pa pampu ndinkakagula a m'zigubu pa mtengo wa misala, a galimoto ndi a jenereta omwe, chifukwa magetsi sitingawadalire, akhoza kuzima pakati pa perekaniperekani ndiye manyazi amagwera ife. Kuwonjezera apo akuluakulu a m'maofesi ena amene amafuna chiphaso ichi ndi icho, ndalama zake amakweza osatifunsa, koma ukapita kukatenga kapepalako akuti osayina kulibe bwerani mawa, ulendo katatu pa kapepala kamodzi. Iwowa pa mapeto a mwezi amalandira. Ife timadya tikaimba.

Ndipo ndinene izi mwaulemu wonse, osati kuti ndikukuzuzulani: alipo ena mwa inu amene mwambo unatha kalekale, ana anabadwa m'banjamo, koma ndalama yotsala simunamalize. Ine anyamata anga 7 ndimawalipira usiku womwewo tikamatsitsa zida, kaya komiti yandipatsa kaya yati tionana Lolemba. Ndiye mmene mnyamata uja anabwera n'kundiuza kuti lendi yakwera, mwana wayamba sekondale, ndimuwonjezere, ndinakhala naye pansi, ndinamutsegulira kope lomwe ndimalembamo zolowa ndi zotuluka, anaona yekha. Anakhala chete nthawi yaitali. Patatha milungu itatu anandiuza kuti akupita.

Iyeyo ndilibe naye chifukwa. Amene ndakwiya naye ndi mkulu uja amene anabwera ku shoo yathu, anakhala kutsogolo, anandipatsa moni wa m'manja n'kuyamikira, kenako n'kukamunong'oneza mnyamata kuseri tikupakira zida, osandiuza ine ngakhale liwu limodzi. Mwana uyu ndinamutenga ali wonyamula ma sipika, wochokera ku Chikanda, ankangong'ung'udza nyimbo akukulunga ma kebulo, ndine ndinamupatsa maiki koyamba. Fulasiki yake ya madzi otentha a jinja ndi uchi ankaiika pansi pa kiyibodi nthawi zonse, ndipo Loweruka lapitali ndinapezeka ndasiya mpata pamalo pomwepo ngati abwera. Munthu amene walera mwana chonchi umamupempha kaye, sumangokolola m'munda mwa mnzako.

Tsopano pali mawu amene ndikumva kwambiri, akuti bandi ndi woyimba, woyimba akachoka basi zatha. Apa ndiye ndikukana, ndipo sindikukana chifukwa chofuna ndalama zanu zokha ayi. Tonse tikukumbuka mmene dziko linazizirira mu November 2001 Evison Matafale atamwalira. Ambiri ankati Black Missionaries yathera pomwepo. Musamude Fumulani anatenga maiki, gulu linapitirira, iyenso anatisiya mu 2007, Anjiru n'kuimirira kutsogolo, ndipo anyamata a ku Chileka aja akhala akudzadza malo zaka zonsezi. Ululu unalipo koma nyimbo sizinaikidwe m'manda.

Inu a ku Chanco ndi alendo a kumtunda ku Ku Chawe amene mumatiitanira nyimbo za rock, nkhani ngati izi mukuzidziwa kuposa ine. AC/DC ya ku Australia inataya Bon Scott mu February 1980, munthu amene mawu ake anthu ankati palibe angawafike. Anatenga Brian Johnson wa ku England ndipo chaka chomwecho anatulutsa Back in Black, chimbale chimene chili m'gulu la zogulidwa kwambiri padziko lonse. Koma imene imandilimbitsa mtima kwambiri masiku ano ndi ya Journey, gulu la ku America. Woyimba wawo Steve Perry atachoka gululi linayesa oyimba ena, mpaka mu 2007 woyimba gitala wawo Neal Schon anaona pa YouTube munthu wa ku Philippines, Arnel Pineda, akuimba nyimbo za eni ake m'malo achisangalalo ku Manila, ntchito ngati yathu yomweyi, munthu amene anakulira mu umphawi wadzaoneni. Anamuitana ku America ndipo anakhala woyimba wawo. Poyamba anthu ena anamunyoza asanamumve n'komwe.

Sindikunamizani kuti zimakhala chimodzimodzi. Sizikhala. Freddie Mercury, amene anabadwira kuno kwathu ku Africa pa chilumba cha Zanzibar, atamwalira mu November 1991, anzake a Queen sanayerekeze kunena kuti apeza wina wofanana naye, n'chifukwa chake mpaka atayamba kuyenda ndi Adam Lambert dzina lake amalilemba padera pambali pa la gulu. Ine ndimaona kuti kumeneko n'kulemekeza amene anachoka komanso amene wabwera, ndipo ndi mmene ndikufuna tichitire ifenso. Amene mukufuna mawu enieni a mnyamata uja, sindingakupatseni, apita nawo ku Lilongwe.

Amene tamutenga ndi mtsikana. Ndikudziwa kuti apa ena mwakweza kale zikope. Ndi wa ku Domasi, wakulira mu kwaya ya tchalitchi, ndipo ndinamudziwa kudzera pa kavidiyo kamene mlamu wanga ananditumizira pa WhatsApp, kojambulidwa ndi foni yosaoneka bwino pa chinkhoswe china. Tinayesa anthu 5 mu galaja momwe timapangira pulakatisi ku Matawale, anyamata anayi ndi iyeyu. Awiri mwa anyamatawo ankangoyesetsa kutengera amene wachoka uja, mpaka kaimidwe ndi kagwiridwe ka maiki, ndipo zinkandimvetsa chisoni. Itafika nthawi ya mtsikanayu magetsi anazima ali pakati pa vesi yoyamba. Tonse tinasiya, wa besi anayamba kale kuvula gitala, koma iye sanasiye, anangoika maiki pampando n'kupitiriza pakamwa pokha mpaka nyimbo kutha, mawu kudzadza galaja yonse, ana a pa neba kubwera kudzasuzumira pa geti. Wa ma dramu wathu, bambo wosayamikira zinthu wamba amene ndayenda naye chiyambire bandi ino, anangondiyang'ana n'kugwedeza mutu. Sitinakambiranenso zambiri.

Ntchito ndiye ilipo, musaone ngati ndi kungosintha munthu. Mawu a mkazi ndi a mwamuna sakhala pa kiyi imodzi, ndiye pafupifupi nyimbo iliyonse tikuisuntha, wa kiyibodi akuphunziranso zimene zala zake zinazolowera zaka 9, oyankhira kumbuyo nawonso ayambiranso. Tikukumana kanayi pa sabata m'malo mwa kawiri, ndipo thiransipoti ya masiku onsewo ikuchoka m'thumba mwanga muja ndakuuzani kale. Nyimbo za ukwati, zauzimu, za makolo ndi reggae zapsa kale, pena ndinganene kuti zolowera mkwatibwi zikukoma kuposa kale. Za rock zina, makamaka zija zofuna mawu okalipa a pakhosi, sizinafike pomwe ndikufuna, ndipo sindizitulutsa pagulu mpaka nditakhutira, ngakhale mutazipempha.

Za ma buking'i: onse amene munapereka dipoziti tsiku lanu lili pomwepo ndipo mtengo ndi womwe tinagwirizana. Atsopano kuyambira mwezi wamawa mtengo ukwera pang'ono, tikambirana mukabwera. Kunja kwa tauni, monga ku Jali, Songani, Malosa kapena Thondwe, mafuta azikhala a inuyo. Amene mukufunabe dipoziti yanu ndikupempha tionane kaye pamaso, chifukwa kunena zoona ndalama zambiri zinalowa kale mu zida, sindingabweze onse tsiku limodzi.

Ndikuthokozeni kuchokera pansi pa mtima. Alipo mabanja muno amene tinaimba pa chinkhoswe chawo, pa ukwati, kenako pa ukwati wa mng'ono wawo, ndipo amatitchulabe kwa anzawo ku tchalitchi ndi ku ntchito. Popanda inu bwenzi zida izi nditagulitsa kalekale. Ndikudziwa kuti masiku ano DJ ndi wotchipa, amabwera yekha ndi laputopu pa kabaza, ndipo ndikudziwa kuti ena mwayamba kale kufunsa mitengo kwina, nkhani zimandipeza. Sindingakuletseni, ndalama ndi zanu. Koma nyengo ya maukwati ikubwerayi ikatidutsa tilibe ntchito, anyamata otsalawa nawonso ayamba kuyang'ana njira ya ku Lilongwe kapena ku Joni, ndipo onsewa ali ndi ana. Chonde musatitaye musanamumve mwanayu.

Loweruka likubwerali kuyambira 2 koloko masana tikhala ndi pulakatisi yotsegula ku galaja kuja ku Matawale, kulowa ndi ulere, mipando ilipo yochepa ndiye amene mungathe mutenge kanu. Makomiti amene maukwati anu ali pafupi mubwere ndi mndandanda wa nyimbo zanu, adzakuimbirani pomwepo mudzamve nokha. Magetsi akazima jenereta ilipo, mafuta ndasunga kale malita 5.

Ine wanu,
Mwini bandi