Ngongole ili ndi nthawi yake yosumira

Akonzi,

Ndiloleni ndinenepo za milandu ya ngongole. Zimandipweteka kuona amalonda akutaya ndalama zimene akanazipeza, chifukwa chofika kukhoti mochedwa kapena kusumira munthu wolakwika.

Ku England ndi m'maiko ambiri amene anatengera malamulo akumeneko, kuphatikizapo Malawi, mlandu wa ngongole kapena wophwanya mgwirizano uyenera kulowa kukhoti zaka 6 zisanathe. Wovulala chifukwa cha kusasamala kwa wina ali ndi zaka 3 zokha. Pa ngongole, kuwerenga kumayamba tsiku limene ndalamazo zinayenera kubwezedwa. Mungayende mpaka nsapato kutha, wangongole akungoti "bwerani mawa", koma masiku saima. Chimene chimachititsa kuti kuwerengako kuyambirenso ndi kalata yovomera ngongole yosainidwa ndi wangongoleyo, kapena iye kubwezako pang'ono. Tsono akakupatsani kangachepe, lembani risiti yosonyeza tsiku ndi ndalama zotsala, iyenso asainepo. Mgwirizano wapakamwa khoti limauvomereza ndithu, koma mboni zimaiwala, zina zimasamuka, zina kumwalira kumene.

Nanga mukusumira yani? Chigamulo cha mlandu wa Salomon ku England mu 1896 chinatsimikiza kuti kampani ya Limited ndi munthu payokha pamaso pa lamulo. Ngati katundu munapereka ku kampani, galimoto ya mwini wake simungaikhudze, pokhapokha ngati iye anasaina kuti kampani ikalephera adzalipira za m'thumba mwake. Pepala limeneli lipempheni musanatsitse katundu, ndipo dzina lolembedwa pa samani likhale lenileni limene kampaniyo inalembetsa kuboma.

Chimene maloya ayenera kuuza anthu poyera ndi chakuti chigamulo chikatuluka, ndalama sizibwera zokha. Masherifu amalanda katundu wa wangongole yekha, osati wa mkazi wake kapena wobwereka kwa ena. Pa okushoni katunduyo amapita motchipa, ndipo masherifu amayamba achotsapo zolipira zawo. Ngati anali chikole kubanki, banki ndiyo imayamba kulipidwa. Nthawi zambiri njira yachangu ndi kupempha khoti kuti ligwire ndalama za mu akaunti ya wangongoleyo, koma muyenera kudziwa banki imene amasungako. Dzina la bankiyo limaoneka pa cheke chimene anakulipirani nacho kale, choncho sungani fotokope yake.

Wowerenga wanu