Chilengezo: Loweruka lino tikambirana za matenda a chiwindi

Mamembala nonse, tikumane Loweruka lino masana pamalo athu aja ku Chibavi. Kubwera dokotala wodzatifotokozera za chithandizo cha matenda a chiwindi.

Nkhani yaikulu ndi hepatitis B, matenda a chiwindi oyamba ndi kachilombo. Odwala ofunika kumwa mankhwala amapatsidwa tenofovir, piritsi limodzi patsiku. Sachiza kotheratu ayi, koma amafooketsa kachilombo kuti chiwindi chisapitirire kuwonongeka. Hepatitis C ndiye imachizika, nthawi zambiri ndi mapiritsi a masabata 12. Inu okonda kusamba kunyanja ku Nkhata Bay, likodzo nalonso limawononga chiwindi. Mankhwala ake ndi praziquantel. Za kachasu tidzakamba mosabisa, abambo musathawe.

Ngati maso achita chikasu kapena mimba yatupa, musadikire Loweruka, pitani ku Mzuzu Central Hospital. Podzabwera musaiwale mabuku anu akuchipatala.