Ogona m'galimoto pa Kasungu asamale ndi mbaula

Akonzi,

Ntchito ikatha, lendi n'kukanika, abale ena pa Kasungu boma akugona m'maminibasi. Ndiloleni ndiwapatseko malangizo.

Choopsa kwambiri ndi mbaula m'miyezi yozizira ya Juni ndi Julayi. Makala akamayaka m'galimoto yotseka amatulutsa mpweya wapoizoni wosanunkha. Munthu amangomva mutu ndi tulo, osadzukanso. Phikirani panja, ndipo injini isalire usiku chifukwa utsi wa ekizosi umalowera pansi pa galimoto. Mawindo awiri oyang'anizana muwasiye otsegula mpata wa zala ziwiri, apo ayi m'kati mumachita chinyezi ndipo zofunda zimamera nkhungu. Pamipatapo mangani chidutswa cha neti ya udzudzu. Pansi yalani makatoni kenako mphasa, poti chitsulo chimayamwa kutentha kwa thupi. Musazolowere kutchajira foni pa batire ya galimoto injini itazima. Batire ikafa ndi ndalama inanso.

Amene anachotsedwa ntchito chifukwa kampani yachepetsa anthu, atagwira chaka kapena kuposa, lamulo limampatsa severance: malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira. Ambiri amangoisiya ndalamayi, n'zomvetsa chisoni. Tengani kalata yochotsedwa ntchito ndi mapeyisilipi ku ofesi ya Labour.

Kangachepe ka ganyu wosankha fodya kapena kutongola mtedza kasungeni ku Airtel Money kapena Mpamba, osati m'galimoto. Katapila mupeweni ndithu, angakulanditseni galimoto yomwe mukugonamoyo.

Wowerenga wanu,
Kasungu