Kalata zotiuza kutuluka m'mayuniyoni tiziwerenge ndi maso awiri

A Mkonzi,

Ndine Mmalawi wokhala m'chigawo cha Washington kuno ku America, ndipo ndimagwira ntchito yothandiza aphunzitsi pasukulu ina ya boma. Ndalemba kalatayi chifukwa cha abale athu omwe akupeza ntchito za boma kuno, ena oyendetsa mabasi a sukulu, ena osamalira odwala.

Mwezi wathawu ndinapeza kapepala konyezimira m'bokosi la makalata pakhomo panga. Kankandiuza kuti ndikatuluka m'yuniyoni, bungwe lomenyera ufulu wa apantchito, ndalama zomwe amadula pamalipiro anga zizitsala m'thumba, ndipo fomu yake anali atandikonzera kale, ine kungosaina. Kunena zoona ndinakasunga masiku awiri pamwamba pa firiji. Renti yakuno si yamasewera, kwinaku akumudzi akudikira ya feteleza.

Zonsezi zinakula pa 27 June 2018, pamene khothi lalikulu la dziko lino linagamula mlandu wa Mark Janus, wantchito wa boma ku Illinois, yemwe ankakana kumadulidwa madola pafupifupi 45 pamwezi opita ku yuniyoni ya antchito a boma ya AFSCME pomwe iye sanali membala. Oweruza asanu anagwirizana naye, anayi anakana, ndipo chigamulo cha mlandu wa Abood cha 1977, chomwe chinkalola kudula ndalama zotere kwa osakhala mamembala, chinathera pomwepo. Kuchokera tsikulo wantchito wa boma sangakakamizidwe kupereka kalikonse ku yuniyoni. Mabungwe ngati Freedom Foundation ya ku Olympia ndi Mackinac Center ya ku Michigan anawonjezera khama polimbikitsa poyera anthu kuti atuluke m'mayuniyoni. A Janus eni akewo sanakhalitse pantchito ija, anapita kukagwira ku Illinois Policy Institute, bungwe lomwe linali kumbali yawo pamlanduwo.

Ufuluwo ndi woona, sindikutsutsa. Mayuniyoni nawonso si angelo: amathira ndalama zambiri m'ndale, kawirikawiri kumbali ya chipani cha Democratic, ndipo pali anzathu opemphera omwe mtima suwalola kuti ndalama yawo ipite kumeneko. Amenewo ndimawamvetsa.

Koma kapepala kaja sikananene chinthu chimodzi. Lamulo limakakamiza yuniyoni kukambirana za malipiro m'malo mwa onse a pagululo, membala ndi wosakhala membala yemwe. Ndiye wotulukayo amalandirabe ndalama zokwezedwa ndi inshuwalansi yachipatala zomwe anzake anamenyera. Kwathu timati kukolola posalima. Munthu mmodzi akatero, palibe chimasintha. Akatero anthu mazana, patebulo la zokambirana pamatsala ndani woti abwana amuope? Ku Wisconsin, lamulo la Act 10 la mu 2011 litachepetsa mphamvu za mayuniyoni a boma, mamembala anachepa kwambiri.

Ife alendo ndiye tiyenera kusamala koposa. Chingerezi chathu ena amanamizira kusachimva, malamulo a pantchito sitiwadziwa onse. Mayi wina wakwathu atamuitana ku ofesi pankhani ya maola omwe anamulembera molakwika, amene anakhala pambali pake ndi buku la mgwirizano m'manja anali nthumwi ya yuniyoni. Otumiza mapepala aja sanaonekeko.

Bambo anga anali mphunzitsi ku Dedza, membala wa yuniyoni ya aphunzitsi ya Teachers Union of Malawi (TUM), ndipo ankang'ung'udza mwezi uliwonse poona zodulidwa papepala la malipiro. Koma malipiro akachedwa, iwo ndiwo ankayamba kufunsa kuti a TUM anenapo chiyani.

Kapepala kaja ndinakataya, fomu sindinasaine, ndipo msonkhano wa yuniyoni womwe ndakhala ndikujomba chaka chonse ndikapitako Lachinayi likubwerali, chifukwa nanenso ndili ndi mafunso pa momwe amagwiritsira ntchito ndalama zathu.

Wowerenga wanu,
Tacoma, Washington