Ndisiye ntchito yokhazikika kuti ndilowe za chitetezo cha makompyuta?

Alangizi,

Ndine bambo wa zaka 33, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri. Ndimagwira ntchito ya IT pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira nyumba ku Lilongwe kuno. Printa ikakana kusindikiza amaitana ine, netiweki ikagwa amaitana ine, wina akaiwala pasiwedi Lolemba m'mawa foni imaliranso kwa ine. Ntchitoyi ndaigwira zaka 7 ndipo ndimaidziwa bwino, koma mtima wanga uli pa zoteteza makompyuta kwa akuba a pa intaneti.

Chaka chatha mayi wa ku akaunti adandiitana kuti fayilo yomwe idabwera ndi imelo ikukana kutseguka. Imeloyo imaoneka ngati yochokera kwa omwe amatigulitsa simenti, ati asintha akaunti ya ku banki, tilipire ku yatsopanoyo. Dzina lomwelo, chizindikiro cha kampani chomwecho. Nditayang'anitsitsa adiresi, pomwe pamayenera kukhala "m" padali "r" ndi "n" zogundana. Mayiwo adali atakonza kale pepala lolipirira, kungotsala siginecha ya bwana. Kuyambira pamenepo ndimadzifunsa kuti ndi makampani angati mumzinda muno omwe alibe munthu woyang'ana zoterezi. Ngakhale boma sizidalisiye: mu February 2024 a Chakwera, ali Pulezidenti, adauza aphungu ku Nyumba ya Malamulo kuti makina osindikizira mapasipoti adalowedwa ndi akuba omwe amafuna dipo, anthu n'kukhala masabata osalandira ziphaso.

Usiku ana akagona ndimaphunzira pa TryHackMe, tsamba la pa intaneti lophunzitsa za chitetezo cha makompyuta. Ndidaika Kali Linux, pulogalamu yoyendetsa kompyuta yomwe akatswiri a chitetezo amagwiritsa ntchito, pa laputopu yakale, ndipo mapulogalamu ofufuzira netiweki a Nmap ndi Wireshark ndayamba kuwazolowera, magetsi akakhalapo komanso bandulo ikalola. Koma kuphunzira kwa pakhomoku palibe amene amakuwerengera pofunsira ntchito.

Apa ndiye pagona vuto langa. Mabanki ndi makampani a mafoni akalengeza ntchito amafuna digiri, satifiketi ya ukatswiri monga CISSP kapena CISA, komanso kuti udagwirapo kale za chitetezo. CISSP yomweyo imafuna zaka 5 za ntchito ya mtunduwu. Nanga zaka zimenezo munthu akazipeza kuti ngati palibe womulemba? Ine ndili ndi dipuloma basi. Ku MUST ku Thyolo kuli digiri ya Computer Systems and Security, koma kusiya banja n'kukakhala pasukulu zaka 4 sindingathe. Anthu amati ndiyambe ndi satifiketi ya oyamba kumene ya CompTIA Security+, koma mayeso ake amaposa madola 400. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama imeneyo kwa ine ndi yolemera, ndiye kuwonjezera apo dola yake yolipirira pa khadi siipezeka wamba ku banki. Ndikalephera mayesowo kamodzi, fizi ya mwana yapita.

Tsopano kampani ina yaing'ono yandilonjeza malo mu gulu loyang'anira ma alamu ochenjeza za akuba pa makina a makasitomala awo, lomwe amalitcha SOC. Ndi ntchito yomwe ndimailota, koma malipiro ndi ocheperapo kusiyana ndi omwe ndikulandira, kontirakiti ndi ya chaka chimodzi, ndipo muli mashifiti a usiku. Mayi a kunyumba akuti ndisamale, "ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada". Sindikuwatsutsa, pakuti lendi ndi mankhwala a amayi anga kumudzi zimadalira malipiro omwewa. Komabe ndikuopa kuti ndikakana, pofika zaka 40 ndidzakhala ndikadali pa maprinta omwewa.

Palinso china. Mnzanga wina akuti ndingofufuza zibowo zomwe akuba angalowerepo pa netiweki ya kuntchito mwakachetechete, kenako ndikaonetse bwana kuti andipatse udindo wa chitetezo. Ine ndakana, chifukwa lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security Act la 2016 limaletsa kulowa m'makina a eni popanda chilolezo, ndipo kukhala ndi makiyi a seva, kompyuta yaikulu ya kampani, sikutanthauza kuti ndaloledwa kuchita chilichonse. Koma ganizo lokulira pomwe ndili pano landikhala mumtima. Poti kudabwera lamulo la Data Protection Act mu 2024, makampani osunga mbiri za makasitomala akuyenera kuziteteza, ndipo kwathu palibe amene akuganizako.

Ndithandizeni, Alangizi. Ndipite ku ntchito ya malipiro ochepayi, kapena ndikhale pompano ndipemphe bwana andipatse mbali ya chitetezo mwa kalata? Ngati n'kupempha, ndiwafikire bwanji bwana yemwe amaona IT ngati chinthu chongodya ndalama? Ndipo kandalama komwe ndasungako ndiyambe nako Security+, kapena ndifune kaye digiri yophunzira kumapeto a sabata?

Ine wothedwa nzeru,
Area 25, Lilongwe